Lipoti la uphungu: mlaliki amene sanasankhidwe kuweta mpingo umene anauyambitsa

Lipotili ndalembera anzanga amene timachita uphungu m'mipingo, makamaka pa kukhumudwa kumene kumafika pogwedeza chikhulupiriro cha munthu. Mwini nkhani analiwerenga ndipo analola kuti ena alione. Dzina lawo, dzina la mpingo ndi zonse zimene zikanawaulula ndazichotsa, choncho ndizingoti bambowa.

Chimene chinachitika

Bambowa ali ndi zaka za m'ma 40, ali pabanja ndipo ali ndi ana atatu. Ali pantchito yolembedwa imene imadyetsa banja, koma mtima wawo wonse unali pa ntchito ya Mulungu. Zaka 11 nkhaniyi isanachitike, akuluakulu a mpingo anawapempha kuti azikatsogolera mapemphero a mabanja ochepa okhala kutali ndi tchalitchi. Anayambira m'nyumba ya mmodzi mwa mabanjawo. Gulu linakula n'kupeza malo akeake, ndipo bambowa ndiwo ankalalikira, kuyendera odwala, kuphunzitsa ofuna ubatizo ndi kuyanjanitsa mabanja okangana, zonsezi popanda malipiro. Kawiri konse anakana kukwezedwa kuntchito poti kukwezedwako kukanawasamutsira kutali ndi anthu awowo.

Chiyembekezo chawo sichinangomera chokha. Mbusa amene anawatuma, yemwe pano anapuma, ankakonda kunena kuti nthambiyo ikadzaima payokha bambowa adzatumizidwa kusukulu ya ubusa kenako n'kubwera kudzaweta nkhosa zomwezo. Mawuwa sanalembedwe paliponse. Ndiponso mlaliki wina wodutsa anawasanjika manja pamsonkhano, nanena kuti akuwaona ataima paguwa ngati mbusa, n'kuwawerengera Yeremiya 29:11, ndime yonena za malingaliro a mtendere amene Mulungu ali nawo pa anthu ake. Tsiku limenelo analilemba m'mphepete mwa tsamba la Baibulo lawo.

Nthawi itakwana, komiti yoona za utumiki inasankha munthu wina wamng'ono kwa iwo, amene anali atamaliza kale maphunziro a ubusa. Pempho lawo lopita kusukulu nalo linakanidwa chifukwa malamulo olowera anali atasintha pa za msinkhu ndi maphunziro. Iwo anamva nkhaniyi pamodzi ndi wina aliyense, pa zolengeza za Lamulungu m'mawa, atakhala kutsogolo maso onse ali pa iwo.

Mmene anafikira kwa ine

Woyamba kubwera anali akazi awo, patatha miyezi inayi. Mayiwa sankadandaula za ukali. Chimene chinkawaopsa ndi chete. Amuna awo anali atasiya kupita kutchalitchi, atasiya kutsogolera pemphero la banja, ndipo Baibulo anali atalitsekera m'sutikesi. Akaweruka kuntchito ankangolowa kuchipinda. Ana ankayenda monyang'ama m'nyumba mwawo momwe. Mayiwa ankafuna kuti ndikawadzudzule. Ndinakana kupita ngati wodzudzula, koma ndinatumiza uthenga wachidule woti ndamva zimene zinachitika, ndikudziwa kuti n'zowawa, ndipo akafuna kucheza andipeze, sindikawafunsa za kujomba kutchalitchi.

Anabwera ndithu patapita nthawi. Asanakhazikike n'komwe anati, "Abusa, ngati mwandiitanira kuti mundiuze zoti Mulungu wandisungira chabwino choposa, ndibwerere pompano."

Mawu amenewo sindinawauze tsiku limenelo kapena lina lililonse. Mlangizi alibe mphamvu yolonjeza m'malo mwa Mulungu, ndipo munthu amene anakhala patsogolo pangayu anali atavulazidwa kale ndi malonjezo operekedwa m'dzina la Mulungu ndi anthu omufunira zabwino. Kumuwonjezera lonjezo lina kukanakhala kumukonzera kugwa kwachiwiri.

Kuunika koyamba

Ndinayamba ndi thupi. Dongosololi ndimalitenga pa 1 Mafumu 19. Eliya atathawa Yezebeli n'kupempha kuti afe, Mulungu sanayambe ndi chiphunzitso. Anamulola kugona, mngelo anamudzutsa kawiri kuti adye, ndipo funso lakuti akuchitanji kumeneko linadzabwera atayenda masiku 40 kufika ku Horebu. Bambowa ankadzuka usiku pakati tulo n'kuthera pomwepo, chakudya chinali chitasiya kukoma, ndipo kuntchito ankaiwala zinthu zing'onozing'ono.

Tinayankha limodzi mafunso a PHQ-9. Ndi mafunso 9 ofunsa za masabata awiri apitawo, ndipo mayankho akawonkhetsedwa amayambira pa 0 kulekeza pa 27. Chida chimenechi sichinena kuti munthu akudwala chakuti, chimangosonyeza ngati akufunika kuonedwa ndi a zaumoyo, ndipo kawirikawiri zotsatira zikafika pa 10 ndi bwino kutero. Zawo zinapitirira pamenepo. Ndinawafunsanso mosazungulira ngati anaganizapo zodzipha. Anzanga ambiri amaopa funsoli poganiza kuti lingadzale maganizowo mwa munthu, koma kufunsa sikutero, ndipo amene ali nawo kale amapepukidwa akaona kuti pali wina amene sakuopa kumva. Iwo anati sanaganizepo zodzivulaza, ngakhale kuti masiku ena ankalakalaka kusadzuka. Tinagwirizana kuti akaonane ndi dokotala, kuti akazi awo adziwe zimenezi, ndi kuti maganizowo akasintha andiimbire foni nthawi iliyonse. Dokotala anawathandiza pa vuto la tulo ndipo anapitiriza kuwaona. Ine ndinatsala ndi mbali yanga.

Nditamvetsera bwinobwino, ndinaona kuti chimene iwo ankachitcha kukhumudwa chinali zinthu zingapo zopiringizana. Panali manyazi a kumva nkhani yawo yomwe pagulu. Panali kuwawidwa mtima ndi anthu amene anawagwiritsa fuwa lamoto. Ndipo pansi pa zonsezi panali mlandu ndi Mulungu, umene sankafuna kuutchula. Ankati, "Ine ndilibe naye kanthu Mulungu, ndangotopa." Komabe chimene anatsekera m'sutikesi ndi Baibulo, osati buku la malamulo a mpingo.

Otonthoza nawo anali atachita zawo. Ena anawauza kuti adzifufuze, mwina pali tchimo lobisika. Ena anati akanasala kudya mokwanira zinthu zikanatseguka. Aroma 8:28 anaitumiziridwa pafoni mpaka anasiya kutsegula mauthenga. Ndimeyo ndi yoona, koma Miyambo 25:20 imafanizira woimbira nyimbo munthu wosweka mtima ndi womuvula chovala tsiku lozizira. Anzake a Yobu anachita bwino masiku 7 amene anakhala naye pansi osanena kanthu; atayamba kufotokoza chifukwa cha masautso ake ndi pamene analakwa, mpaka pa Yobu 42:7 Mulungu anauza Elifazi kuti iye ndi anzake awiri sananene zoona za Iye monga ananenera Yobu. Woyamikiridwa ndi uja ankalira ndi kutsutsa.

Kumasula pakamwa

Pa macheza oyambirira sindinaphunzitse kalikonse. Ndinatsata zimene Yesu anachita panjira ya ku Emau pa Luka 24. Iye ankadziwa bwino chimene chinachitika ku Yerusalemu kuposa Kleopa ndi mnzake, koma anafunsa, nawalola kufotokoza mpaka anatulutsa mawu enieni a mumtima mwawo, oti iwo ankayembekeza kuti ameneyu ndiye adzawombole Israyeli. Kudzudzula ndi kutsegula Malemba kunabwera pambuyo. Ndinapempha bambowa kuti amalize chiganizo chomwecho ndi mawu awoawo: "Ine ndinkayembekeza kuti…" Anakhala chete nthawi yaitali. Atayamba kulankhula sananene za udindo kapena ulemu. Ankayembekeza kudzabatiza ana a ana amene anawaphunzitsa. Ankayembekeza kuti bambo awo okalamba, amene ankaseka zoti mwana wawo akutaya nthawi, adzaona kudzozedwa kwawo asanamwalire.

Vuto lalikulu linali lakuti sankadziwa pemphero lina kupatula lothokoza ndi lopempha. Kuthokoza kunkaoneka ngati bodza, kupempha ngati kutaya nthawi, choncho anangosiya. Ndinawawerengera Salimo 13, limene m'ndime ziwiri zoyambirira limafunsa Mulungu kanayi kuti mpaka liti. Kenako Salimo 88, lolembedwa ndi Hemani, limene silitembenuka n'komwe: limayamba ndi kulira usana ndi usiku ndipo limathera mu mdima. Mwa masalimo 150, pafupifupi gawo limodzi mwa atatu ndi a madandaulo. Anthu a Mulungu ankawaimba popembedza, pamaso pa anzawo. Ife tinawachotsa m'mapemphero athu, ndiye munthu wosweka mtima akafika kutchalitchi amapeza kuti palibe nyimbo imene angaimbe osanama.

Anandifunsa funso labwino: "Kodi zimenezi si mwano? Si kung'ung'udza kuja kunaphetsa anthu m'chipululu?" Tinatsegula Numeri 14. Kumeneko anthu ankalankhula za Mulungu pakati pawo, namangana upo wosankha mtsogoleri wowabwezera ku Ejipito. Wolemba salimo amalankhula ndi Mulungu mwini, ndipo ngakhale mawu ake aume bwanji, amakhala akadayang'ana kumene kuli Mulunguyo. Yeremiya pa 20:7 anauza Yehova kuti wamunyenga, ndipo mawuwo anasungidwa m'Malemba. Ndinawauza kuti chete wawo ndiye anali pafupi ndi ulendo wa ku Ejipito kuposa mawu aukali amene ankawameza.

Ndinawapatsa ntchito yolemba salimo lawolawo la madandaulo, ndipo ndinawaletsa kulimaliza ndi matamando pokhapokha ngati matamandowo abwera okha. Analemba masamba awiri. Sanandilole kuwerenga, ndipo sikunali kofunika. Anangonena kuti aka kanali koyamba kulankhula ndi Mulungu chilengezedwere nkhani ija, ndipo anagwiritsa ntchito mawu amene sakanawanena paguwa.

Kodi Mulungu analonjeza chiyani?

Apa ndi pamene panagona nkhani yonse, ndipo tinakhalitsapo. Bambowa ankakhulupirira kuti Mulungu anawalonjeza ubusa wa mpingo umenewu. Ngati ndi choncho, panatsala mayankho awiri okha: kapena Mulungu ndi wosakhulupirika, kapena iwo anachita chinachake chimene chinafafaniza lonjezolo. Masana ankakhulupirira loyamba n'kumakwiya, usiku ankakhulupirira lachiwiri n'kumadzifufuza mpaka kucha. Yankho lachitatu, loti mwina lonjezolo silinachokere kwa Mulungu, sanaliganizepo, chifukwa linkaoneka ngati kukana maitanidwe awo onse.

Ndinawapempha kuti atulutse Baibulo m'sutikesi muja tiwerenge Yeremiya 29 yonse kuyambira ndime yoyamba, osati ndime 11 yokha. Mutuwu ndi kalata imene Yeremiya anatumiza kwa anthu amene Nebukadinezara anawatengera ku Babulo pamodzi ndi mfumu Yekoniya m'chaka cha 597 Khristu asanabadwe. Anthuwo ankayembekeza kubwerera kwawo msanga. Kalatayo inawauza zosiyana: mangani nyumba, limani minda, kwatirani, berekani ana, funirani mtendere mzinda umene mwatengedwerako ndipo muupempherere. Ndime 10 ikunena kuti Mulungu adzawabweza zikadzatha zaka 70. Bambowa anawerengera okha n'kuona tanthauzo lake: ambiri mwa akuluakulu amene anamva kalatayo ikuwerengedwa anafera ku Babulo. Lonjezo la mtendere ndi tsogolo linali loona, koma linaperekedwa kwa mtundu wonse, ndipo linakwaniritsidwa pa ana ndi adzukulu a anthu amene analimva.

Kenako tinabwerera m'mbuyo ku mutu 28. Kumeneko kuli mneneri Hananiya, amene anaima m'nyumba ya Yehova pamaso pa ansembe ndi anthu onse n'kunena kuti pasanathe zaka ziwiri ziwiya za m'Kachisi ndi akapolo onse adzabwerera. Uthenga wake unali wokoma, moti Yeremiya mwini anayankha kuti Amen, Yehova achite chomwecho. Koma sunali wochokera kwa Mulungu. Ananenera m'mwezi wachisanu ndipo anamwalira m'mwezi wachisanu ndi chiwiri wa chaka chomwecho. Ndiye ndime imene anthu amaigwiritsa ntchito polonjezana zabwino zapafupi ili m'kalata yochenjeza anthu kuti asamvere aneneri olonjeza zabwino zapafupi. Chenjezolo lili pa ndime 8 ndi 9.

Sindinanene kuti mlaliki wodutsa uja anali Hananiya. Sindinamuonepo, ndipo anthu ambiri amanena zoterezi ndi mtima wabwino, akaona munthu wakhama n'kufuna kumulimbikitsa. Ndinangokumbutsa bambowa kuti 1 Atesalonika 5:20-21 imatiuza kuti tisanyoze maulosi koma tiyese zonse, ndipo Deuteronomo 18:22 imati mawu akapanda kuchitika ndiye kuti Yehova sanawanene. Malemba amaika mlandu pa wonenayo, osati pa womverayo. Iwo anausenza okha miyezi yonseyi.

Tinatenga pepala n'kuligawa pakati. Mbali imodzi analemba zimene Mulungu analonjeza m'Mawu ake kwa wokhulupirira aliyense: kukhululuka machimo, kusamusiya kapena kumutaya, chisomo chokwanira monga anayankhira Paulo atapempha katatu za munga wa m'thupi mwake, kusaiwala ntchito ndi chikondi chimene munthu anaonetsa potumikira oyera mtima monga ikunenera Ahebri 6:10. Mbali ina analemba zimene anthu anawalonjeza ndi zimene iwo ankayembekeza. Ubusa wa mpingo uja unagwera mbali yachiwiriyi. Anayang'ana pepalalo kwa nthawi ndithu, kenako anati, "Ndiye kuti zaka zonsezi ndinali ndi ngongole imene Mulungu sanasainire." Sanapepukidwe tsiku limenelo. Anachoka ali wachisoni kuposa mmene anabwerera, chifukwa munthu amene akukhulupirira kuti wabedwa amayembekezabe kubwezeredwa, pomwe amene wazindikira kuti chinthucho sichinali chake amayamba kulira maliro enieni. Ndinachenjezeratu akazi awo kuti zimenezi zichitika ndipo asaope.

Kukanidwa kumene si chilango

Funso lotsatira linali loti ngati Mulungu sanalonjeze, kodi chikhumbo chawo chinali cholakwika, kapena kodi anadziitana okha. Apa nkhani ya Davide pa 2 Samueli 7 inatithandiza kwambiri. Davide ankafuna kumangira Mulungu nyumba. Anauza mneneri Natani, ndipo Natani, munthu wa Mulungu woona, anamuyankha nthawi yomweyo kuti achite zonse za mumtima mwake pakuti Yehova ali naye. Usiku womwewo Mulungu anatuma Natani kuti akabweze mawu ake. Bambowa anaseka koyamba chiyambire macheza athu, nati mbusa wopuma uja ndi Natani amene usiku wake sunafike.

Chimene chinawagwira mtima ndi 1 Mafumu 8:18-19. Solomo popereka Kachisi anakumbutsa anthu zimene Yehova anauza atate wake: kuti anachita bwino kukhala ndi maganizo amenewo mumtima, komabe sadzamanga ndiye. Mulungu anayamikira chikhumbo n'kukana pempho, zonse pakamodzi. Tinazolowera kuganiza kuti chokhumba chikakhala chabwino Mulungu amayenera kuchipereka, ndipo akakana ndiye kuti chinali choipa. Malemba sakuphunzitsa choncho. Ndipo Davide sanapinde manja. Pa 1 Mbiri 22 akusonkhanitsa osema miyala, chitsulo cha misomali, mkuwa ndi mikungudza, ndipo pa mutu 28 akupereka mapulani kwa Solomo. Ntchito inayamba m'chaka chachinayi cha ufumu wa Solomo ndipo inatenga zaka 7. Davide sanaone ngakhale maziko.

Bambowa amalidziwa Baibulo, ndipo sanandilekerere. Anati, "Koma Abusa, Davide anauzidwa chifukwa, anakhetsa magazi ambiri. Ine m'manja mwanga muli chiyani?" Ananena zoona, chifukwacho chili pa 1 Mbiri 22:8. Tinapita ku Machitidwe a Atumwi 1. Anthu pafupifupi 120 anasonkhana kuti apeze wolowa m'malo mwa Yudasi. Anafuna munthu amene anayenda nawo kuyambira pa ubatizo wa Yohane mpaka tsiku limene Yesu anakwera kumwamba, ndipo anapezeka awiri oyenera: Yosefe wotchedwa Barsaba, amene ankatchedwanso Yusto, ndi Matiya. Anapemphera, anachita maere, ndipo anagwera Matiya. Palibe cholakwa chimene chinanenedwa pa Yosefe. Anayenda ndi Yesu zaka zonsezo ngati mnzakeyo, anaimikidwa pamaso pa gulu, ndipo anabwerera kukakhala pansi. Luka sakufotokoza chifukwa. Pa mutu 12 wa buku lomwelo Herode akupha Yakobo ndi lupanga koma Petro akutulutsidwa m'ndende ndi mngelo, ndipo palibe ponena kuti Yakobo anali wochepa chikhulupiriro.

Sindinayese kuwapezera chifukwa. Alangizi timayesedwa kwambiri pamenepa, chifukwa kupereka chifukwa kumatichititsa kuoneka anzeru ndipo kumathetsa macheza msanga. Koma chifukwa chopeka chimakhala cholemetsa chatsopano, ndipo munthu amadzachitaya pamodzi ndi chikhulupiriro chake tsiku limene adzazindikire kuti tinangopeka.

Mbali ya anthu

Kunena kuti Mulungu sanaphwanye lonjezo sikutanthauza kuti palibe amene analakwa. Mmene ndikuonera, komiti inali ndi ufulu wosankha amene inasankha, ndipo mwina inasankha bwino. Koma kulola munthu kugwira ntchito zaka 11 ali ndi chiyembekezo chimene akuluakulu ankachidziwa, osamuuza pamene malamulo anasintha, kenako n'kumulengezera pagulu osayamba wakhala naye pansi, kumeneko ndi kulakwa. Yesu anati inde wathu akhale inde ndipo ayi akhale ayi. Mipingo yambiri imasunga antchito odzipereka ndi mawu osamveka bwino, poopa kuti ikanena ayi womveka munthuyo achoka. Ndinauza bambowa kuti kukhululuka sikufuna kuti anene zoti palibe chinalakwika. Munthu amakhululuka chinthu chimene wachitchula dzina.

Motsatira Mateyu 18:15, tinakonza zoti akumane ndi akuluakulu awiri a komiti, ine ndilipo. Anakonzeratu zonena: chimene chinachitika, mmene chinawapwetekera, ndi chimene akupempha. Sanapemphe kuti chigamulo chisinthe. Mmodzi mwa akuluwo anapepesa mosabisa, navomera kuti ankadziwa za kusintha kwa malamulo kalekale koma ankaopa kuwauza. Winayo anadziteteza mpaka pamapeto. Ndinali nditawauziratu kuti zingathe kukhala choncho, ndipo kupepesa kwa mmodziyo kunachita zambiri kuposa mmene ndinkaganizira. Mbusa wopuma uja anawalembera kalata yaifupi yovomereza kuti analonjeza chinthu chimene sichinali m'manja mwake.

Kubwerera m'mbuyo, ndi dandaulo la mayi

Sabata imene mbusa watsopano ankalandiridwa, zonse zinaoneka ngati zagwa. Tulo tinathawanso, anakalipira ana pa zinthu zopanda pake, ndipo ananditumizira uthenga woti macheza athu ndi kutaya nthawi. Tinali titakambiranapo kuti tsikulo lidzakhala lovuta ndipo sakukakamizidwa kupitako. Sanapite. Ena mumpingo anati kumeneko ndi kudzikuza; ine ndinaona kuti munthu amene akudziwa malire a mphamvu zake wachita mwanzeru. Patatha masabata angapo anabweranso okha.

Pa nthawi imeneyi kunatuluka chinthu chimene chinali chitabisika. Akazi awo, amene ankaoneka olimba, anali ndi kukhumudwa kwawo. Iwo ndiwo anavomera kawiri kuti kukwezedwa pantchito kukanidwe, iwo ndiwo ankagona okha ndi ana odwala bambo ali kwa odwala a eni, ndipo zonsezi anazipirira chifukwa cha chiyembekezo chomwecho. Palibe anawafunsapo. Nditawaitana pamodzi, mayiwa anati, "Aliyense akufunsa za abambo. Inenso ndinaluza zaka 11." Bambowa anali asanaganizepo zimenezo. Kumva kuti wina anataya nawo limodzi kunawatulutsa m'chipinda kuposa ndime iliyonse imene ndinawerenga nawo. Anayamba kupemphera awiri, poyamba pongowerenga salimo limodzi mokweza popanda kuwonjezera mawu awo. Anzanga, pa nkhani zotere muziitana mkazi kapena mwamuna wa munthuyo msanga, osati ngati mboni yodzanena za wodwala koma ngati wovulala mnzake.

Pomwe zafika

Polemba lipotili papita chaka ndi miyezi ingapo chilengezedwere chigamulo chija. Bambowa akugona bwino, ndipo titabwereza mafunso a PHQ-9 zotsatira zinali zitatsika pansi pa 10. Dokotala anachepetsa masiku owaona. Amapita kutchalitchi, koma kumpingo waukulu kumene anachokera, osati kunthambi imene anayambitsa. Pachiyambi ndinkalakalaka atabwerera kunthambiko, koma ndinaona kuti kukhala pansi pa ulaliki wa munthu amene anatenga malo awo, pakati pa anthu amene ena akuwaonabe ngati mtsogoleri, kukanavutitsa onse awiri ndipo kukanagawa mpingo. Mabanja angapo anawapempha kuti ayambitse mpingo wawo, nawalonjeza kuwatsatira. Anakana, ndipo anandiuza kuti kukanako kunali kovuta kuposa kukanidwa kuja.

Mbusa watsopano anawayendera kunyumba. Bambowa anamupatsa kope limene ankalembamo mayina a okalamba osatha kuyenda, mabanja amene ali pa mavuto ndi ana amene anatsala pang'ono kubatizidwa. Sindinawauze kuti achite zimenezo, ndipo sindinatchule za mapulani a Davide, anachita okha. Atandiuza anawonjezera kuti asanapereke anakhala nalo m'manja nthawi yaitali, ndipo mtima unkawawabe mlendoyo atapita.

Zina sizinathe. Bambo awo anamwalira m'nyengo yomweyi osaona chimene mwana wawo ankafuna kuwaonetsa, ndipo chisoni chimenecho tikadali nacho pa macheza athu, amene tsopano amachitika mwa apo ndi apo. Mkulu wa komiti amene sanapepese uja amakumana naye Lamulungu lililonse. Amapatsana moni, koma bambowa akunena poyera kuti kukhululuka kwawo pa iyeyo n'kongoyamba kumene. Kuntchito kwatulukanso mwayi wokwezedwa, ndipo ulendo uno akukambirana ndi akazi awo ngati nkhani ya anthu awiri. Za kulalikiranso anapempha kuti zisakambidwe mpaka chaka china chitatha, ndipo akuluakulu a mpingo anavomera pempholo molemba.